Kampopi

Kampopi kagona kotsekula usiku wonse.
Ndadziwira fungo, maso ndisanatsekule:
petulo wadzaza pabalaza,
walowa m'makatani, m'buledi wa dzulo,
ndipo pansi pa mthuthuthu wa malemu bambo
pasimenti pali kachithaphwi konyezimira.

Zolozolo yafunda nkhungu.
Ndaukankhira panja, mvula ikuwaza.
Hafu sikisi. Ku Luwinga geti amatseka seveni
ndipo mlonda wake sadziwa kuseka.

Kiki yoyamba: fu.
Yachiwiri: fu, fu.
Ndati n'kuzizira basi, ndakoka choko,
ndapotokola mafuta, ndaponda, ndapondanso,
thukuta kamukamu mkati mwa jekete,
mpaka kiki yabwerera n'kundimenya pakakolo
ndipo ndatukwana mawu
amene bambo sakadalola pakhomo pano.

“Iwe mwana wa a Msowoya, ukuipha njingayo.”
A NyaZgambo, kuseri kwa mpanda,
manja ali mbuu ndi ufa wa mandasi.
“Ilibe njala. Yakhuta.
Ndamva fungo ndili kuno.”

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ankagwirira amuna awo masipanala ku Chibavi.
Alowera pomwe mpanda unagwa,
agwada pamatope osayala kanthu,
dzanja lapita lokha kunsi kwa thanki.

Zilembo zinafufutika ine ndisanabadwe.
Pangotsala timizere ta msomali
timene bambo anakanda pachitsulo.

“Chogwirira chikaloza pansi, mafuta akuyenda.
Chikagona chopingasa, watseka.
M'mwamba ndi rizevu,
matsalira, dzimbiri ndi madzi omwe.
Kumeneko uzipitako ukathedwa nzeru pa Chikangawa,
osati pakhomo pa amako.”

Atseka.
Agogoda kabureta ndi chigwiriro cha sikuludiraiva
ngati pakhomo pa munthu wogona.
“Kasingano ka m'katimu kanadyeka,
sikaletsanso mafuta.
Ukasiya potsekula, amangodontha, amangodontha,
kudzaza mbale, kusefukira m'silinda.
Bambo ako ankadziwa.”

Ankadziwadi.
Madzulo alionse ankawerama pambali pa thanki
asanavule chipewa, asanapereke moni.
Ngakhale chaka chija miyendo itatupa,
njinga osayenda miyezi isanu,
ankandituma: kaone ngati ndatseka.
Ine ndinkati n'kuumira,
nkhalamba yowerenga madontho.

Pulagi yatuluka yakuda bii, yonyowa.
Aipukuta ndi nsonga ya chitenje,
aipala ndi kamsasa, aiuzira,
aiyanika pamwala pafupi ndi mbaula
mandasi oyamba akupserera osawatembenuza.

“Choko bweza. Tsekula kukhosi mpaka potherapo,
usasiye. Ponda pulagi ilibe.”
Ndaponda. Pabowo pafoka nkhungu ya petulo,
kasanu, kasanu n'kawiri,
mpaka pangotuluka mphepo yokha.
“Ukuona? Imafuna mpweya.
Iwe umangoiwonjezera chomwe chikuitsamwa.”

Sindinayankhe.
Chimwalirireni bambo, nyumba yakhala yodzaza:
abale, makwaya, mapemphero, tiyi,
aliyense kundithira mawu achitonthozo
ine ndikungomeza.

Pulagi yabwerera. Kampopi kakadali kotseka.
Kiki yoyamba, zii.
Yachitatu, katsokomola.
Yachisanu n'chimodzi
thu,
thu thu,
utsi wakuda wakwera kukasakanikira ndi nkhungu,
galu wa kwa a Mhone wayamba kuuwa.
“Tsopano tsekula!” akuwa a NyaZgambo,
akuthamangira mandasi awo.

Geti ndinalipeza lotseka.
Andidula theka la tsiku.
Kasingano akuti kangapezeke mumsika waukulu
kwa mnyamata wina wa ku Karonga,
koma mtengo wake sindinafunse.

Madzulo ano ndawerama ndisanavule chipewa.
Pachogwirira pali posalala,
pomwe chitsulo chinadyeka ndi chala chachikulu,
ndipo changa chakwanapo, kutsala pang'ono.
Ndatseka.

Pakati pa usiku ndadzukanso
ndi tochi ya pafoni, wopanda nsapato,
simenti ikuluma kumapazi,
kukaona.