Wufa ya Che Ndembo

Ndinatsika minibasi ku Limbe,
ndalama za chinkhoswe cha Loweruka zili m'sokosi.
Maso anga anakakamira pa wufa yakuda,
yaitali ngati chitseko cha bafa.

Che Ndembo anatembenuza ampulifaya yanga,
napukuta fumbi ndi chala, nawerenga kumbuyo.
"Kameneka? Ukakasenzetsa maomu anayi
kadzapsa mkwatibwi asanalowe.
Samanga mbuzi pangolo, mphwanga."

Ndinatenga masipika awiri a maomu eyiti,
imodzi yong'ambika nsalu,
ndi kawufa kokhala ndi mphamvu yakeyake.
Chenji inangokwana mawaya.

Usiku ku Ndirande, poyesa,
sindinalole kanyali kofiira kuphethira.
Malata ananjenjemerabe.
Alandilodi anagogoda kudzakalipa,
koma nditatsegula
ndinapeza chiuno chawo chayamba kale
kundikhululukira.