Vinyo wa M'chigafa

Chigafa cha bambo ku Lisasadzi chinaleka kununkha fodya
chaka chija mabelo khumi ndi anayi
anagona ku Chinkhoma milungu itatu
n'kugulidwa pa mtengo wachipongwe.
Matenanti anamanga katundu m'bandakucha.
Jeke anachita dzimbiri. Mikangala tinasonkhera moto.

Chinatsala ndi misuku makumi atatu kutsidya kwa dambo,
ija mayi anaitchinjiriza ku nkhwangwa
pomwe mtengo uliwonse unkagwa kuti fodya adutse.
"Dulani yonse, koma iyi ndi ya ana."
Anawo ndife, takula,
mayi kulibe.

Disembala, mvula itagwa kawiri,
ine ndi mlongo wanga Tiferanji timatola masuku ogwa okha.
Ogwetsa ndi mwala ayi, amenewo amauma pakhosi.
Timafinya ndi manja mpaka zala kumatana,
nthanga uko, makoko uko,
madzi owiritsa, shuga wangongole wa kwa a Chimbalanga,
yisiti wa mandasi theka la supuni.
Kapaipi kotulutsira mpweya ndi ka diripi,
Tiferanji anakapempha kuchipatala komwe amakolopa.
Usiku zigubu zimayankhula zokha mumdima,
bwu,
kenaka zii,
bwu,
ngati achule ophunzitsidwa ulemu.

Chigubu choyamba chinasasa, tinataya kudzala.
Chachiwiri chinaphulika, nkhuku zinadzandira tsiku lonse.
Chachitatu tinasefa pa duku loyera la mayi,
lija la ku Chigwirizano,
Mulungu atikhululukire, panalibe nsalu ina yothina maso.
Tinasefanso. Tinadikira mpaka chimanga kucha.
Atatsika m'botolo anali mbee,
kuwala kwa udzu wa Juni dzuwa likangotuluka.

Bambo ndi mkulu wa mpingo, zaka makumi awiri ndi ziwiri.
"Pa esiteti panga pano mowa ayi."
"Si mowa, bambo, ndi vinyo."
"Fisi ukamuveka tayi wasanduka mlaliki?"
Sanafunse komwe kunachokera malata asanu a pakhonde,
kapena mapiritsi awo a mtima,
ngakhale aphunzitsi a ku boma
amaimika njinga zamoto pageti Loweruka lililonse
n'kubwerera zikwama zikulira ngwerengwere.

Dzulo ndinaiwala kukhoma chigafa.
Pobwerera ndinapeza tochi ikuyaka pansi,
bambo atakhala pa jeke wadzimbiri uja,
tambula ili pamphuno, maso atatseka.
Ndinaima pakhomo, mpweya ndaugwira.
"Amayi ako," anatero osacheuka,
"pochokera kudambo ankanunkhira chonchi."
Tambula anaiika pansi yodzaza.
Sanalawe, ndikulumbira, olo dontho.

Lero kusanache bwino ndamva khasu kutsidya.
Ndi iwo, jekete la kutchalitchi atalikoleka panthambi,
akulambula udzu kuzungulira misuku
kuti moto wa osaka mbewa usafikeko.