Banga la pa Galasi

Linayamba pakona ya galasi la laputopu yanga,
kadontho kotuwa, kochepa kuposa khobwe.
Ndinati ndi mwaye.
Kuno ku Dwangwa akatentha nzimbe
phulusa limagwera ngakhale mu tiyi,
ndiye ndinapukuta ndi kansalu ka mandala a bambo.
Kadontho kanakula.

Pofika Ogasiti chinali chipere chenicheni,
chosupuka m'mphepete, chowala pakati,
mabatani atadinda mizere yawo pagalasi
ngati mano a galu amene anakuluma uli mwana.

Ine ntchito yanga ndi nkhope za anthu.
Ndimajambula maukwati, zinkhoswe, ana otsiriza Folomu 4,
usiku n'kumakonza zithunzi magetsi akalola.
Asiyatu, mkwatibwi wa ku Nkhunga,
ndinamuona banga pa tsaya lamanzere.
Ndinalifufuta. Linakana.
Ndinapaka, ndinapakanso mpaka tambala woyamba,
ndipo chithunzi chitatuluka papepala
tsaya linali see, ngati sopo wongomasula kumene.
Mayi ake anachigwira nthawi yaitali.
Anati, chipsera chake mwachiika kuti?
Anagwa panjinga ali ndi zaka zisanu,
ndinamubereka kumsana mpaka kuchipatala.
Uyu ndi mwana wa yani?
Sanalipire. Sindinawatsatire.

Ndinalembera akampani.
Anayankha m'mawa mwake ndi ulemu wozizira:
vutoli tikulidziwa,
ndi utoto woletsa kuthwanima umene unapakidwa molakwika
pa makina ena a chaka chimenecho.
Tikonza ulere.
Bwerani ndi lisiti kusitolo yathu imene muli nayo pafupi.

Pafupi pakepo ndi ku Joni.
Lisiti linali ndi achimwene a Jafali,
amene asamuka kanayi chigulireni,
ulendo wina usiku, nsapato zili m'manja.
Analipezabe m'thumba la jekete,
inki itazilala, deti lokha likuoneka,
ndipo deti linati kwatsala masiku khumi ndi awiri.

Ndinaikulunga m'chitenje cha mkazi wanga,
ndinaipereka kwa a Chimbalanga a thiraki ya shuga,
iwo kwa kondakitala wa basi ku Lilongwe,
kondakitala kwa munthu amene dzina lake sindilidziwa mpaka lero.
Aliyense anafuna ya fanta.
Ulere wa akampani unandidyera mbuzi.

Masabata asanu ndi awiri ndinkajambula osakonza.
Anthu ankalandira nkhope zawo mmene zilili,
ziphuphu, thukuta, diso limodzi lotsinzina,
ine n'kumadikira chipongwe.
Bambo wina wodula nzimbe anaseka
mpaka kukhala pansi pakhonde.
Anati, apa ndiye ndine,
ngakhale ngongole ikuoneka pamphumipa.

Inabwera Lachinayi, chitenje chitasowa m'njira.
Galasi latsopano, lakuda bii,
ndisanayatse ndinadziona ndekha mmenemo, ndevu zosameta.
M'katimo munali kapepala:
musapukute ndi mankhwala, pewani malo a fumbi.
Panja ankatenthanso munda wa kumpoto.

Tsopano ndisanakhudze nkhope ya munthu
ndimayamba ndakokera chithunzi kumanzere.
Banga likayenda nacho, ndi lake,
ndimalisiya, pokhapokha atandipempha yekha.
Likatsala pomwe linali, ndi langa.

Cha Asiyatu ndinachitulutsanso.
Chipsera chili pamalo pake, kakang'ono ngati njere ya mpunga.
Chili mu envulopu, m'dirowa ya pansi,
ndipo mayi ake amadutsa pano Lachisanu lililonse
popita kumsika ndi dengu la tomato.
Sabata yatha ndinafika mpaka pakhomo, envulopu m'manja.
Iwo anali atawoloka kale msewu.