Mawilo Asanu ndi Awiri

Mayi Kokila a ku Down Shops,
amene amandikongoza masipoko ndi girizi,
anandiona ndikugwira msana podzuka.
Iwe Zilole, umawongola mawilo a eni,
nanga ako anawaona ndani?

Njinga yanga ili bwino, mayi.

Ndikunena a m'thupi, anatero.
Kwathu timati chakra, ndiye kuti wilo.
Alipo asanu ndi awiri, ondandana pamsana,
kuyambira pomwe umakhalira
mpaka paliwombo.
Mpweya ndiye tcheni chake.

Ine ndinabatizidwa ku Madzimoyo.
Nkhani zotere ndimazisiya pakauntala.
Koma usiku ku Mchini, magetsi atathima,
ndinakhala pamkeka, miyendo chopinda,
n'kutchera khutu monga ndimachitira
wilo likamazungulira m'manja mwanga.

Lapansi lili bwino, linazolowera simenti.
Lam'chiuno, ana anayi ndiwo mboni.
Lapamchombo likulira ngati habu youma,
koma ilo ndikulidziwa, ndi lendi ya mwezi uno.
Lapachifuwa likugwedera pang'ono.
Mpweya unakwerabe, wefuwefu,
ngati wamakala pachitunda cha Kanjala,
n'kudzaima pakhosi.

Apo ndiye pali limu lopindika.
Likukhula, likukhula
pamalo amodzimodzi.

Yobe, mng'ono wanga,
unabwera mabuleki atatha.
Ndinati uyambe wabweza makwacha makumi atatu aja.
Unatsika Kanjala ndi chidendene,
lero ukuyenda chotsimphina ku Navutika
ndipo kumaliro timakhala mitengo yosiyana.
Zaka zitatu, liwu limodzi
lili pano ngati munga wa usipa,
kumeza osamezeka, kulavula osalavulika.

Lapamphumi sindinalifike.
Lapaliwombo ndingoti ndinalimva mbiri.

M'mawa ndinawauza Mayi Kokila.
Sanadabwe. Anapitiriza kuwerenga machubu.
Ine zaka makumi anayi, anatero,
ndikadali pachifuwa.
Ndipo girizi wa sabata yatha sunalipire.

Wowongola mawilo aliyense amadziwa:
limu lopindika sulimenya ndi hamala.
Umamasula sipoko ya kuno pang'ono,
n'kumanga ya tsidya,
theka, theka, uku ukumvetsera.

Lembani pangongole yomweyo, mayi,
mabuleki awiri, akutsogolo ndi akumbuyo.

Ndawakulunga m'nyuzi, ali m'thumba la malaya.
Msewu wa ku Navutika ndi wa maenje,
ndikupalasa pang'onopang'ono,
ndipo pakhosi pali kanthu kayamba kulira
ngati wilo logona m'chisakasa dzinja lonse
likamakankhidwa koyamba.