Khomo 5050

Amalume ali ndi sitolo ziwiri za simenti ndi malata,
ina pano pa Boma, ina ku Namwera, kuseri kwa mapiri,
ndipo mabuku a sitolozi sanagwirizanepo n'kamodzi komwe.
"Asiyatu," anatero, "fizi ija tinalipira ija,
tawalankhulitsa makinawa."

Ndinatsitsa laibulale ya soketi pakati pa usiku, bandulo itatchipa,
udzudzu ukundiwerengera mizere kukhutu.
Kompyuta ya pa Boma ndinaitcha seva.
Ntchito yake ndi yochepa:
tsegula soketi, imangirire pakhomo 5050,
kenako khala chete, mvetsera.

Ya ku Namwera ndiyo mlendo, ndiyo imagogoda.
Odi.
Odini, ndakumvani.
Nanenso ndamva kuti mwandimva.
Katatu konseko asanatchule thumba ngakhale limodzi,
ulemu woposa wa pa chinkhoswe.

Tsiku loyamba Twaibu, kalaliki wa kumeneko,
anandiwerengera pa foni, chilembo ndi chilembo,
mawu ofiira aja: akana kukutsegulirani.
Tinatukwana netiweki mpaka dzuwa kupendeka.
Chonsecho ndi chala changa chomwe chinalemba 5005,
mlendo n'kumagogoda nyumba yopanda munthu.

Lachinayi seva inati ku Namwera kwatsala matumba 12.
Amalume anavula chipewa, naitanitsa kabaza,
akuti Twaibu wadya simenti.
Ziro uja anali akadali m'njira, pa Chowe penapake,
anafika yekha, mochedwa, atatsalira anzake.
Ndipamene ndinadziwa kuti soketi sidziwa pothera mawu.
Uyambe wanena kutalika kwa uthenga,
ndipo wolandira asanyamuke pampando
mpaka chilembo chomaliza chitalowa.

Koma chondisowetsa tulo ndi china.
Magetsi akathima ku Namwera, mlendo amafa osatsanzika,
ndipo seva siimva kalikonse.
Imangogwirabe chingwe chake,
kusungira malo munthu amene kulibe.
Malangizo a laibulale akuti: ika malire a kudikira.
Uzifunsa pafupipafupi, ulipo?
Akapanda kuyankha, tseka, landira wina.

Ndinayang'ana mzere umenewo nthawi yaitali.

Sumaili, mlongo wanga, anakwera basi ya ku Joni zaka zinayi zapitazo
ndi chikwama chobwereka ndi nsapato za bambo.
Uthenga wake womaliza uli m'foni ya mayi:
"Ndawoloka bwino, mawa ndi"
Basi. Pamenepo.
Sananene kutalika kwake,
choncho sitidziwa ngati watha.

Mayi sasintha nambala.
Foni yawo yang'aluka galasi, batire lake lomanga ndi mphira,
koma m'mawa uliwonse imapita kotchaja kwa Che Mdoka,
ndipo popemphera amaiika pambali pa mkeka, chagada,
kuti ikawala aione ndi ngodya ya diso.
Khomo lomwelo. Nambala yomweyo.
Ndani angawalembere malire?

Makinawo ndinawapatsa masekondi makumi atatu.
Zala zinalemba mosavuta, ngati si kanthu.

M'mawa mwake, sitolo isanatsegulidwe,
fumbi la simenti likadali gone pa kauntala,
galasi linayamba kudzaza lokha:
Namwera walowa.
Simenti 120. Malata 46. Misomali ya mainchesi anayi yatha.
Namwera watsanzika.
Amalume anawerenga kawiri, chala chili pagalasi,
nati, "Nanga Twaibu uja ndi munthu wabwino, eti,"
n'kundipatsa ya bandulo ya mwezi wathunthu.

Madzulo ndinatseka mawindo, ndinazimitsa fani.
Seva yokha ndinaisiya yoyaka pansi pa shelefu ya maloko,
kanyali kake kobiriwira kakuphethira mumdima.
Kunyumba ndinapeza mayi akupukuta foni ija ndi nsonga ya chitenje.
"Yadzaza?" ndinafunsa.
"Yadzaza," anatero,
naiika pawindo, pamene netiweki imagwira bwino.