Mzere Wachikasu

Pakhomo la chipinda chapansi, kuno ku Göttingen,
ndimavula ngati wolowa m'ndende:
makiyi, wotchi, khadi ya kubanki, phini ya m'tsitsi,
zonse m'kabasiketi.
Maginito wa muno sagona.
Anamuyatsa ine ndisanamalize sukulu
ndipo chiyatsireni palibe anamuzimitsa.
Lachiwiri lililonse Hauke amam'mwetsa nayitirojeni,
magolovesi ofika m'zigongono,
nthunzi yoyera ikukwawa pansi ngati mphaka wozemba.

Kachubu kanga n'koonda ngati phesi la udzu.
Ukakayang'ana, madzi basi.
Koma ndinaweta mabakiteriya miyezi inayi,
kuwadyetsa, kuwaphwanya, kusefa, kutaya, kuyambiranso,
kuti ndipeze puloteni ya m'madontho awa.
Mpweya ukukatsitsa pang'onopang'ono
kukhosi kwa chimphonacho.

Ndimagogoda ndi mafunde a wayilesi,
kenako zii, ndimadikira.
Maatomu amayankha, lililonse ndi liwu lake,
kulira kwa belu kopita kuzilala,
ndipo pagalasi la kompyuta pamamera timadontho
ngati nthata pamsana.
Ndimatidziwa mayina kuposa anthu a m'nyumba yoyandikana nayo.

Anzathu a chipinda chapamwamba amaiumitsa puloteniyi,
n'kuijambula ili chiimire ngati mkwati pachithunzi.
Zokongola ndithu.
Koma m'madzi siikhala phee.
Imapinda bondo, imatambasula, imagwedeza mchira
kambirimbiri diso lisanaphethire.

Taonani dontho la nambala 87, lafufuma, lazilala.
Nkhani ili pomwepo.
Pa magawo zana a nthawi yake, awiri okha
imavala nkhope ina
yomwe palibe anaionapo.
Timaidziwira kuchepa kwa liwu,
monga udziwira kuti munthu anatuluka usiku
poona matope pansapato m'mawa.

Loweruka bambo anabwera pasitima kuchokera ku Husum.
Zaka makumi anayi akukonza mawotchi,
lero dzanja lamanja lili njenjenje,
supu amamwera m'kapu.
Anaima pamzere wachikasu wojambulidwa pansi,
poti kabatire ka mumtima mwawo
sikagwirizana ndi maginito wanga.
Mamita anayi pakati pathu.

"Wiebke, ndiye ukuona chiyani m'chimgolomo?"
"Sindiona, bambo. Ndimamvera."
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Nanenso wotchi ndinkayamba ndaiika kukhutu."

Sindinawauze kuti puloteni yomweyi
ndi imene timaikayikira kuti ikavala nkhope inayo
imagwirana ndi inzake, n'kuundana m'bongo ngati wawo.
Mawu akuti mankhwala sindinawatchule.
Ali kutali, ndipo lonjezo ndi ngongole.
Iwo anabisa dzanja m'thumba la jekete,
thumbalo n'kumanjenjemera.

Pasiteshoni, chipale chikuwaza,
anandigwira mkono: "Yako ikuchedwa."
Anaimasula wotchi, anakoka kachitsulo ndi chikhadabo,
ndipo pamenepo, ndikulumbira,
dzanja lija linaima nji.
Zala zinazungulitsa muvi mofatsa, osaphonya,
zala zomwe zinkandimanga zingwe za nsapato.
Masekondi asanu, mwina asanu ndi limodzi.
Kenako njenjenje anabwerera pamalo pake,
chitseko chinatsekeka, sitima inapita.

Palibe anajambula.

Ndabwerera pansi pano, usiku wapita.
Wotchi ili m'kabasiketi kunja, ikuyenda bwino tsopano.
Pampu ikupuma, tsi, tsi, tsi.
Kompyuta ikuti kwatsala maola makumi atatu ndi limodzi,
khofi wazizira, ndipo Hauke wasiya kapepala
koti hiliyamu wakweranso mtengo.
Ndagogodanso.
Dontho la 87 likuzilala monga dzulo,
ndipo ine ndakhala tsonga, khutu kugalasi,
kuwerengera magawo awiri aja.