Masamba Khumi ndi Limodzi

Buku lija ndinaligula mumsewu wa Cairo,
pansi, pa chiguduli, pafupi ndi wosoka nsapato,
chaka chomwe masamu anandigwetsa kachiwiri.
Chikuto chinali chomata ndi selotepi,
mkati wina atalemba ndi inki yofiira:
"Mwini wake ndi Zelipa. Wakuba adzaona."

Ndinaliwerengera ku Kalingalinga magetsi atathima,
kandulo itaima pachitini cha mafuta odzola,
mpaka pamene mkazi wa m'nkhanimo
anafika pasiteshoni atanyamula chikwama cha mwamuna wake,
sitima ikulira,
nkhani n'kuduka pakati pa chiganizo.
Ndinawerenga zitsa za mapepala ndi chala:
khumi ndi chimodzi.
Kaya Zelipa anayatsira mbaula,
kaya anakulungira mtedza, ndani adziwa.

Zaka makumi awiri mkazi uja ali chiimire.
Masiku ena ndinkamukweza sitima,
malipiro akachedwa ndinkamubweza kunyumba
kuti tikavutikire limodzi.

Ndiye mwezi watha nkhope yake inatulukira
kumbuyo kwa minibasi ya ku Chelstone.
Tisiyenji, mwana wa mlongo wanga,
amene buku amaliona ngati mankhwala a malungo,
anandikoka dzanja: amalume, tiyeni.
Tikiti mtengo wake thumba la makala.
M'holomo kuzizira ngati Juni,
mbuliwuli kununkhira, mafoni kuthima limodzilimodzi.

Poyamba ndinakwiya.
Ine mkaziyu ndinamupatsa nkhope ya Amake Lazalo
ogulitsa zitumbuwa pakona pathu,
dzino lakutsogolo lobenthuka, zidendene zong'aluka.
Awa abweretsa mtsikana wosalala
wooneka kuti sanatungepo madzi pampopi wa anthu onse.
Nyumba yakenso yakula, ili ndi makatani.

Koma mvula itagwa padenga la malata lija
ndinaimva m'mano.
Pepala silinandiuze kuti inkalira chotere,
kapena kuti iye asanayankhe apongozi ake
ankayamba wapukuta manja pachitenje, pang'onopang'ono.
Kumbuyo kwanga bambo wina
ankanong'ona mawu wosewerayo asanawanene.
Kumanzere mayi anagwira pakamwa
tsoka lisanafike, poti ankalidziwa kale.
Ha! Kani tinalipo ambiri,
aliyense ndi kandulo yake, Matero, Chawama, Kabwata,
kulira maliro amodzi osadziwana.
Lero atisonkhanitsa mumdima umodzi
ndipo tikupumira pamodzi ngati ng'ombe m'khola.

Siteshoni inafika.
Ndinagwira mpando ngati ndili kwa dokotala wa mano.
Sitima inalira. Iye anayang'ana chikwama,
anachisiya pabenchi,
nakwera.
Anthu anaomba m'manja, wina analuluta.
Ine ndinangoti: pita bwino, mayi,
ndakuimika nthawi yaitali.

Magetsi atayaka, mayi wakumanzere uja
anatsonya akukutumula siketi:
"Asintha awa. M'buku sizinathe choncho."
Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse.
Ndinatsekanso.
Anatsika masitepe akuyankha foni,
mathero anga ali m'mutu mwake,
n'kusowa pakati pa anthu.

M'minibasi, kondakitala akukangana ndi wina za chenji,
Tisiyenji anandigunda ndi chigongono:
"Amalume, buku lija mukadali nalo?"
Ndili nalo, m'sutikesi, pansi pa satifiketi ya ubatizo.

Ndamupatsa dzulo.
Za masamba aja sindinamuuze.
Usiku uno kuchipinda kwake kukuwala tochi ya foni,
ndikumva pepala likutembenuka,
sitima ikuyandikira.